Kusochera kwa Mauthenga Pakati pa Makompyuta a M'makampani: Magwero, Kafufuzidwe ndi Mawu Ake

1. Mawu oyamba

Munthu akatumiza ndalama kuchokera kubanki kupita pafoni ya m'bale wake, kapena akagula mayunitsi a magetsi kudzera pa Mpamba kapena Airtel Money, amaona ngati wachita chinthu chimodzi. Koma kuseri kwake makompyuta a mabungwe awiri kapena atatu amakhala atapatsirana mauthenga angapo m'kanthawi kochepa. Chimene chimayenda si ndalama yogwirika ayi, koma uthenga wonena kuti apa pachotsedwe zakuti ndipo apo pawonjezedwe zakuti. Motero uthenga umodzi ukasochera, ndalama zimachoka uku koma osafika uko.

Kawirikawiri zovuta zonse za mtunduwu zimalembedwa ndi mawu amodzi akuti "netiweki yavuta." Mawuwa amafundika zinthu zosiyana kwambiri, ndipo wowerenga satha kudziwa ngati ndalama zake zatayika, zaima panjira, kapena zachotsedwa kawiri. Cholinga cha nkhani ino ndi kufotokoza mmene mauthengawa amayendera, mmene amasocherera ndi mmene akatswiri amawalondolera, kuti olemba, akonzi ndi aphunzitsi asankhe mawu olunjika.

2. Ulendo wa uthenga

Kampani yaikulu imakhala ndi mapulogalamu ambiri: ya malipiro a antchito, ya katundu wa m'nyumba yosungira, ya makasitomala ndi ina yotero. Mapulogalamuwa amagulidwa zaka zosiyana kwa opanga osiyana, choncho samvana mwachibadwa. Kulumikiza pulogalamu iliyonse ndi inzake iliyonse n'kotheka, koma njira zake zimachuluka msanga. Mapulogalamu 10 amafuna njira 45, pamene mapulogalamu 20 amafuna njira 190.

Pofuna kupewa chipwirikiti chimenechi, pakati pamaikidwa pulogalamu yogwira ntchito ngati positi ofesi. Kampani ya IBM idatulutsa MQSeries mu 1993, Microsoft idatulutsa BizTalk Server mu 2000, RabbitMQ idabwera mu 2007, ndipo Kafka, yomwe idapangidwira ku LinkedIn, idaperekedwa kwa anthu onse mu 2011. Buku la Enterprise Integration Patterns, lomwe Gregor Hohpe ndi Bobby Woolf adalitulutsa mu 2003, lidasonkhanitsa njira 65 zoyendetsera mauthenga ndi kuzipatsa mayina amene akatswiri akugwiritsabe ntchito.

Uthenga uliwonse uli ndi mbali ziwiri monga kalata. Pali zapaenvulopu, zonena kumene wachokera, mtundu wake ndi nambala yake. Palinso zamkati, zomwe ndi nkhani yeniyeniyo. Pulogalamu yapakatiyo imagwira ntchito zitatu. Yoyamba ndi kusunga mauthenga pamzere kufikira wolandira atakonzeka, kuti kompyuta imodzi ikazima mauthenga asamwazike. Yachiwiri ndi kulondolera, ndiko kuwerenga zapaenvulopu kapena zamkati ndi kusankha njira. Mwachitsanzo, lamulo likhoza kunena kuti malipiro opyola mlingo wakuti apite kaye kwa woyang'anira. Yachitatu ndi kusanduliza kalembedwe ka uthenga kuti kafanane ndi kamene wolandira amakamva.

Nthawi zina wotumiza satchula n'komwe womulandira. Amangofalitsa uthenga, ndipo mapulogalamu amene adalembetsa kuti azilandira mtundu umenewo amapatsidwa aliyense kope lake.

3. Khomo lolankhulirana

Mawu akuti web service satanthauza tsamba la pa intaneti lowerenga anthu. Amatanthauza khomo limene pulogalamu imatsekulira mapulogalamu ena kuti aifunse kanthu ndi kulandira yankho kudzera m'njira za intaneti. Makomo otere ali m'magulu awiri odziwika.

Gulu loyamba ndi la SOAP. Limagwiritsa ntchito kalembedwe ka XML, komwe bungwe la W3C lidakavomereza mu 1998. Uthenga wa SOAP uli ndi envulopu, mutu ndi thunthu, ndipo khomo lake limafotokozedwa m'chikalata chotchedwa WSDL, chomwe chimakhala ngati pangano lonena zimene zingafunsidwe ndi mmene yankho lidzaonekere. Gulu lachiwiri ndi la REST, maganizo amene Roy Fielding adawalongosola mu 2000 m'kafukufuku wake wa digiri ya udokotala ku University of California, Irvine. Makomo a REST kawirikawiri amatumiza uthenga m'kalembedwe kopepuka ka JSON. Makampani ambiri ali ndi magulu onse awiri, akale ndi atsopano, ndipo zovuta zambiri zimabadwira pamalire pamene awiriwa akumana.

4. Mitundu inayi ya zovuta

(a) Uthenga wosowa wolandira. Uthenga umafika bwino papulogalamu yapakati koma palibe lamulo limene likuuyenera. Mu BizTalk, mtundu wa uthenga wa XML umadziwika pophatikiza dzina la banja lake, lotchedwa namespace, ndi dzina la gawo lake loyamba. Chilembo chimodzi chikasiyana, uthengawo sufanana ndi zimene olandira adalembetsa, ndipo umaimitsidwa. Mapulogalamu ena amautaya pamzere wapadera wa mauthenga osowa kolowera, monga mmene positi imasungira padera makalata amene keyala yake siidziwika. Uthenga wotere sunatayike. Ukudikira munthu woti autole.

(b) Uthenga wosamveka. Uthenga umafika kwa wolandira koma iye amaukana chifukwa kalembedwe kake kasemphana ndi pangano. Deti lolembedwa 03/04 ndi la 3 Epulo kwa Mngerezi koma ndi la 4 Malichi kwa Mmereka, n'chifukwa chake muyeso wa ISO 8601 umalamula kuyamba ndi chaka, kenaka mwezi, kenaka tsiku. Kalembedwe ka Chichewa nakonso kamakhudzidwa. Chilembo cha ŵ mulibe m'mndandanda wakale wa ASCII ngakhalenso wa Latin-1. Chikatumizidwa mu UTF-8 kwa wolandira amene akuyembekezera Latin-1, chimatuluka ngati zizindikiro ziwiri zopanda tanthauzo. Nako kachizindikiro ka m'mawu monga Mang'anja kali ndi maonekedwe awiri, koongoka ndi kopindika, ndipo kwa kompyuta zimenezi ndi zilembo ziwiri zosiyana. Dzina lolembedwa ndi koongoka m'kaundula mmodzi silipezeka likafufuzidwa ndi kopindika m'kaundula wina.

(c) Uthenga wosayankhidwa. Wotumiza amadikira yankho kwa masekondi oikika, ndipo nthawiyo ikatha amaleka. Chifukwa chake chikhoza kukhala seva yolemedwa ndi ntchito, khomo lotsekedwa ndi chitetezo cha netiweki, kapena satifiketi yachitetezo imene masiku ake atha.

(d) Uthenga wobwerezedwa. Vutoli ndi mwana wa lachitatu lija, ndipo ndi loopsa koposa. Wotumiza akapanda kulandira yankho sadziwa ngati pempho lake silidafike, kapena lidafika n'kugwiridwa koma yankho ndilo lidasochera pobwerera. Akatumizanso, kasitomala akhoza kulipiritsidwa kawiri. Mankhwala ake ndi kupatsa pempho lililonse nambala yakeyake, kuti wolandira akaona nambala imene waigwirapo kale angobwereza yankho osabwereza ntchito.

5. Kafufuzidwe ka vuto

Katswiri wabwino sayamba ndi kukonza, amayamba ndi kufunsa kuti uthengawo udaonekera komaliza pati. Pulogalamu iliyonse imasunga kaundula wa zochitika, ndipo uthenga ukanyamula nambala imodzi yoyenda nayo ulendo wonse, nambalayo imafufuzidwa m'makaundula onse motsatana kufikira pamene mapazi ake athera. Mawotchi a makompyutawo ayenera kugwirizana, apo ayi yankho limaoneka ngati lidatsogola funso.

Kenaka amawerenga nambala ya yankho la HTTP. Nambala 200 ikutanthauza kuti pempho layenda bwino. Manambala oyamba ndi 4 amaloza wofunsa: 400 ndi pempho lolembedwa molakwika, 401 ndi wofunsa wosadziwika, 404 ndi chinthu chosapezeka pakeyala imeneyo. Oyamba ndi 5 amaloza woyankha: 500 ndi vuto lamkati mwake, 503 ndi kusakhala wokonzeka, 504 ndi mkhalapakati amene wadikira yankho mpaka nthawi kutha. Kusiyanaku n'kofunika, pakuti kubwereza pempho la 400 n'kutaya nthawi, pamene la 503 likhoza kutheka patapita kanthawi. Ngakhale apo, kubwereza kuyenera kutalikitsa nthawi yodikira ulendo uliwonse, kuti seva yodwala kale isakwiririke ndi mapempho.

Pambuyo pake amayerekeza uthenga wolephera ndi wina wa mtundu womwewo umene udadutsa, chilembo ndi chilembo. Funso lomaliza ndi lakuti, kodi chasintha n'chiyani posachedwa? Posintha kanthu poyesa, asinthe chimodzi chokha nthawi imodzi ndi kulemba chimene wasintha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

6. Chitsanzo cha Knight Capital

Pa 1 Ogasiti 2012, kampani yogula ndi kugulitsa masheya ya Knight Capital ku United States idaonetsa dziko mtengo wa kulondolera kolakwika. Kampaniyi idali ndi pulogalamu yotchedwa SMARS, imene inkalandira maoda akuluakulu, kuwagawa m'timaoda ting'onoting'ono ndi kutitumiza kumisika. Pokonzekera ndondomeko yatsopano ya msika wa New York Stock Exchange, malangizo atsopano adayenera kuikidwa m'maseva asanu ndi atatu. Adaikidwa m'maseva asanu ndi awiri okha, ndipo padalibe munthu wachiwiri wotsimikiza ntchitoyo.

Malangizo atsopanowo adagwiritsa ntchito chizindikiro chapaenvulopu chimene kale chinkadzutsa gawo lotchedwa Power Peg, lomwe lidasiya kugwiritsidwa ntchito mu 2003 koma silidachotsedwe. Maseva asanu ndi awiri adamva chizindikirocho m'tanthauzo latsopano, koma yachisanu ndi chitatu idachimva m'tanthauzo lakale. Gawo lakalelo silinkathanso kuwerenga kuti oda yakwanira, motero lidapitiriza kutumiza osaleka. Kuchokera m'maoda 212 mudatuluka malonda oposa 4 miliyoni okhudza mitundu 154 ya masheya m'mphindi pafupifupi 45.

Bungwe loyang'anira misika la Securities and Exchange Commission lidapeza mfundo ziwiri zopatsa phunziro. Yoyamba ndi yakuti msika usanatsekulidwe makompyuta adatumiza maimelo 97 otchula Power Peg, koma palibe adachitapo kanthu. Yachiwiri ndi yakuti akatswiri, poganiza kuti cholakwa chili m'malangizo atsopano, adawachotsa m'maseva asanu ndi awiri abwino aja, ndipo vutolo lidakula. Bungweli lidati kampaniyo idataya madola oposa 460 miliyoni, ndipo mu Okutobala 2013 lidailipiritsa chindapusa cha madola 12 miliyoni. Chaka chomwecho Knight Capital idaphatikizidwa ndi kampani ya Getco. Madzi akatayika saoleka.

Pamenepa netiweki siidavute konse. Uthenga uliwonse udafika kumene udatumizidwa. Chidalakwika ndi chakuti chizindikiro chimodzi chidali ndi matanthauzo awiri kwa omvera awiri.

7. Mawu oyenera kuwasiyanitsa

Uthenga ndi mthenga. Uthenga ndi chimene chanenedwa, mthenga ndi wochinyamula. Pulogalamu yapakati ija ndi mthenga, ndipo kuisokoneza ndi uthenga kumabisa amene walakwa.

Kutumiza, kulondolera ndi kupatutsa. Kutumiza ndi ntchito ya mwini uthenga. Kulondolera ndi kusankha njira motsata lamulo. Kupatutsa ndi kuchotsa uthenga panjira yake yanthawi zonse, monga pouika pamzere wa osowa kolowera.

Kuchedwa, kuimitsidwa, kukanidwa ndi kutayika. Wochedwa udakali pamzere ndipo ufika wokha. Woimitsidwa ukudikira munthu. Wokanidwa wafika koma wolandira sanaugwire. Wotayika ndi umene sukupezeka paliponse. Mlembi amene walemba "ndalama zatayika" pamene zangoimitsidwa wadzetsa mantha opanda pake, ndipo akhoza kuchititsa wowerenga kutumizanso kachiwiri.

Kusanduliza ndi kumasulira. Kumasulira kumakhudza zinenero za anthu. Posintha uthenga kuchoka mu XML kupita mu JSON, mawu oyenera ndi kusanduliza kalembedwe, pakuti nkhani yake siisintha.

Mawu obwereka amene akhazikika, monga kompyuta, intaneti, pulogalamu ndi netiweki, alembedwe Mwachichewa. Mayina achidule monga SOAP, REST, XML ndi HTTP asiyidwe mmene alili, chifukwa ndimo mmene wowerenga adzawapezere pamakina. Liwu la code likalembedwa "kodi" limagundana ndi liwu lofunsira, choncho n'kwabwino kulemba "malangizo a pulogalamu" kapena "nambala ya yankho," malinga ndi chimene chikunenedwa.

8. Mawu omaliza

Kulumikiza mapulogalamu ndi ntchito ya pangano: mbali ziwiri zigwirizane dzina la chinthu, kalembedwe kake ndi tanthauzo lake, ndipo pangano likasintha onse auzidwe nthawi imodzi. Mlembi kapena mkonzi akalandira nkhani yakuti makina a malipiro avuta, afunse mafunso atatu asanalembe: uthenga waima pati, waima chifukwa chiyani, ndipo kodi wotumiza abwereze kapena adikire? Mayankho a mafunso amenewa ndiwo adzamusankhira liwu loyenera pakati pa kuchedwa, kuimitsidwa, kukanidwa ndi kutayika.