Nthabwala zina zimaletsa anzathu kumwa mankhwala

Achinyamata anzathu, tiyambe ndi zomwe zinachitika pa bwalo la mpira tsiku lina Loweruka. Mnyamata wina amene anajomba milungu itatu anabwera ataonda pang'ono. Asanakhale n'komwe pansi, mnzake anafuula kuti, "Aise, waonda bwanji chonchi? Kapena mayunitsi atha?" Gulu lonse linaseka chikhakhali. Woondayo nayenso anaseka, poti iye anadwala malungo basi ndipo nthabwalayo sinamukhudze.

Koma pa gulu lomwelo panali wina amene ife alangizi a zaumoyo timamudziwa. Anabadwa ndi kachilombo ka HIV ndipo wakhala akumwa ma ARV kuyambira ali wamng'ono. Iyeyu anasekanso, chifukwa akanapanda kuseka anzake akanadabwa. Mwezi wotsatira sanapite kukatenga mankhwala. Titamulondola kunyumba, anatiuza kuti ankaopa kuti wina wa timu yake amuona pa mzere kuchipatala. Musavutike n'kulota kuti ndi ndani, zina tazisintha dala kuti asadziwike.

Amene anayambitsa nthabwala uja sadziwa mpaka lero kuti anavulaza munthu. Umu ndi momwe zimakhalira nthawi zambiri. Mawu timaponyera wina, koma amakabaya amene wakhala chete pambali. M'Malawi muno muli anthu pafupifupi 1 miliyoni amene ali ndi kachilombo, ndipo kachilombo sikaoneka pankhope. Ndondomeko yoti mayi aliyense woyembekezera amene ali ndi HIV ayambe ma ARV kwa moyo wake wonse inayamba mu 2011. Ana ambiri amene anabadwa ndi kachilombo chakachi chisanafike ndi anyamata ndi atsikana tsopano. Ena tili nawo m'kalasi, m'kwaya ndi m'gulu lathu lomweli la achinyamata. Ena alibe kachilombo koma mayi awo, bambo awo kapena mlongo wawo ali nako, ndipo nawonso amamva zonse zomwe timayankhula.

Kodi mawu onyozawa anachokera kuti? Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'dziko muno anadziwika mu 1985, koma ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004. Pa zaka za pakatipa anthu ankaonda ndi kumwalira popanda thandizo lenileni. Nthawi imeneyo ndi imene mayina monga kaliwondewonde, magawagawa ndi matenda a boma anafala. Anali mawu a anthu ogwidwa ndi mantha, amene ankapita ku maliro mlungu ndi mlungu. Ife tinangowatola kwa akuluakulu athu, koma zinthu zinasintha. Kuyambira mu 2016, aliyense wopezeka ndi kachilombo amayamba mankhwala osadikira kuti adwale kaye. Munthu amene akumwa mankhwala mwandondomeko amaphunzira, amagwira ntchito, amakwatira kapena kukwatiwa, amabereka ana opanda kachilombo, n'kukalamba ngati wina aliyense. Ngakhale mawu oti "mankhwala otalikitsa moyo", omwe ife a zaumoyo tinawazolowera, mtsikana wina anatiuza kuti amamumvetsa ngati manda ake anakumbidwa kale, angowonjezeredwa masiku. Kuyambira pamenepo timangoti ma ARV.

Mwina wina anena kuti, "Inu mukukulitsa nkhani, zimenezi n'zocheza chabe." Tiyeni tione chomwe chimachitika m'thupi. Ma ARV sapha kachilombo konse, koma amakaletsa kuswana. Munthu akamamwa tsiku lililonse, tizilombo timachepa m'magazi mpaka makina oyezera amalephera kutiwerenga, ndipo kwa ambiri izi zimatheka pa miyezi isanu ndi umodzi. Akafika pamenepa n'kupitiriza kumwa mankhwala, sangapatsire mnzake kachilombo pogonana. Koma akayamba kudumphitsa masiku, tizilombo timayambanso kuswana, chitetezo cha m'thupi chimatsika, ndipo nthawi zina tizilombo timafika posamva mankhwala omwe amamwawo. Tsono taganizirani mwana wa sukulu yogonera konko amene amamva anzake akuseka za mayunitsi usiku uliwonse. Botolo la mankhwala amalikulunga m'sokosi kuti lisamveke phokoso, ndipo amamwa pokhapokha m'chipinda mukakhala mulibe munthu. Tsiku limene anzake sanatuluke, samwa. Enanso amene sanayezetsepo magazi akamva nthabwala zotere amati bola kusadziwa, kusiyana n'kudzakhala choseketsa cha gulu.

Mawu achipongwe ndi osavuta kuwazindikira. Ovuta ndi aja amatuluka ndi mtima wabwino. Mnzanu akakuuzani kuti anapezeka ndi kachilombo, funso loyamba kufika pakamwa ndi loti, "Unakatenga bwanji?" kapena "Anakupatsa ndani?" Funso limeneli silithandiza chilichonse. Wofunsidwayo amamva ngati ali pa bwalo la milandu. Mwina anabadwa nako, ndiye kuti ayankhe ayenera kuulula za mayi ake. Mwina anagwiriridwa. Mwina anakatenga kwa munthu mmodzi yekha amene ankamukonda. Atsikana ndi amene amavutika kwambiri apa, chifukwa mnyamata anthu amati wachita tsoka, pamene mtsikana amamutcha mayina omwe sitingalembe pa tsamba lino.

Ena amati, "Koma sukuoneka ngati uli nako!" poganiza kuti akuyamikira. Kodi woti ali nako amaoneka bwanji? Enanso akachoka koyezetsa amalengeza kuti, "Ine ndiye ndili woyera." Ngati inu ndinu woyera, mnzanu wakhala pambaliyo ndi wotani? Ingonenani kuti sanakupezeni ndi kachilombo. Tisamasakanizenso HIV ndi Edzi. HIV ndi kachilombo, pamene Edzi ndi gawo limene chitetezo chatsikiratu ndipo matenda osiyanasiyana alowerera. Anthu ochuluka amene akumwa ma ARV sakudwala chilichonse, choncho kuwatcha "odwala Edzi" ndi kuwanamizira.

Thupi la munthu tilisiye. Akaonda timanena, akanenepa timatinso, "Wayamba mankhwala eti?" Akatuluka tiziphuphu kapena zilonda pamlomo timanong'onezana. Mwana wamasiye timamufunsa pagulu kuti makolo ake anamwalira ndi chiyani. Pali zinanso zomwe timayankhula osatsegula pakamwa, monga kumupatsa munthu kapu yakeyake kapena kuchotsa dzanja m'mbale iye akapisa. Kachilombo sikafala podyera limodzi, pogwirana chanza, pokumbatirana kapena polumidwa ndi udzudzu. Izi tonse timaziloweza pa mafunso a mpikisano, koma nthawi ya nsima timaiwala.

Apa tidzudzulenso masewero a m'magulu athu, ndipo ifenso tinathandizapo kuwakonza. Pafupifupi sewero lililonse la Edzi limakhala ndi munthu wopakidwa phulusa kumaso, wotsokomola, woyenda chotsimphina, amene poyamba anali chidakwa kapena woyendayenda, ndipo pamapeto pake amamwalira anthu n'kuwomba m'manja. Timati tikuphunzitsa. Koma mnyamata amene akumwa mankhwala bwinobwino akaonera, amaona kuti umu ndi momwe anzake amamuganizira. Bwanji pa 1 December chaka chino tisakonze sewero lomwe wokhala ndi kachilombo ndi goloboyi wa timu, kapena mtsikana amene wakhoza mayeso a Fomu 4?

Nanga miseche? Imayamba ndi mawu oti, "Usauze munthu, koma ndamuona uje kuchipatala." Pofika madzulo nkhani ili pa gulu la WhatsApp. Lamulo la dziko lino lokhudza HIV ndi Edzi, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018, limaletsa kusala munthu chifukwa cha kachilombo, ndipo limatetezanso chinsinsi chake. Mwini wake yekha ndiye asankhe woti amuuze ndi nthawi yomuuzira. Munthu akakutumizirani uthenga wotere, usapitirire pa foni yanu.

Mnzanu akakukhulupirirani n'kukuululirani, simufunika mawu ambiri. Mungathe kunena kuti, "Zikomo pondiuza. Sindiuza aliyense. Kodi pali chomwe ndingakuthandize?" Kenako khalani chete mumve. Mawa lake mumuitane ku mpira kapena kotunga madzi monga mwa masiku onse, osayamba kumuyankhula ndi mawu a pamaliro. Akafuna womuperekeza kuchipatala, pitani naye. Zipatala zambiri zili ndi magulu a achinyamata amene akumwa ma ARV, otchedwa Teen Club, komwe angakumane ndi anzake.

Chovuta kwambiri ndi kuyankhula pamene gulu lonse likuseka. Sitikunena kuti muyambe ulaliki pakati pa macheza, anzanu angakuthaweni. Nthawi zambiri zimakwanira kusaseka, n'kunena mwachidule kuti, "Aise, zimenezo tisiye, sitidziwa amene akumva." Musaloze munthu kapena kuyang'ana kumene kwakhala amene mukumuganizira, chifukwa mukatero mwamuulula ndinu. Ngati mawu oipawo atuluka pakamwa panu, musadziteteze ndi zoti mumangocheza. Nenani pomwepo kuti, "Pepani, ndayankhula molakwika," macheza n'kupitirira.

Mnyamata wa ku mpira uja anayambiranso kumwa mankhwala patatha milungu isanu ndi umodzi. Anapempha kuti azikatengera ku chipatala china chakutali, ndipo amapalasa njinga maola awiri kupita ndi kubwera, kudutsa chipatala chomwe chili pafupi ndi kwawo.