Zotsatira za Sitandade 8 ku Kasina: akhoza angati, asankhidwa angati?

Bungwe la MANEB likatulutsa zotsatira za mayeso a Sitandade 8, makolo ku Kasina amathamangira kumva kuti pasukulu pawo akhoza ana angati. Ine ndimawapempha kuti azifunsanso kuti asankhidwa angati, ndipo akupita kuti.

Kukhoza kumangopatsa mwana setifiketi ya PSLCE. Malo a ku sekondale amagawidwa potsata malikisi: amene achita bwino koposa amatengedwa ku sukulu zogonera ngati Dedza Government, ambiri amapita ku ma CDSS oyendera, ena okhoza ndithu amatsala pakhomo kapena kubwereza kalasi. Sukulu itha kukhozetsa pafupifupi ana onse koma osatumiza ndi mmodzi yemwe ku sukulu yogonera.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chilankhulo. Mwana amaphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4, kuyambira Sitandade 5 zonse zimasanduka Chingerezi, ndipo mayeso onse, kupatula a Chichewa, amafunsidwa m'Chingerezi. Mwana wodziwa masamu amalephera chifukwa sanamve funso. Mphunzitsi naye sangamuthandize payekha, popeza makalasi anadzaza chiyambire maphunziro aulere mu 1994, ndipo nthawi yokumba kachewere ana ambiri amajomba.