Mpikisano wa m'kati mwa kompyuta umene ungasowetse ndalama za pa foni

Pa msika wa Lizulu m'boma la Ntcheu, m'mbali mwa msewu wa M1, si zachilendonso kuona mayi akugulitsa thumba la kachewere kwa munthu wa pa galimoto, malipiro n'kubwera pa foni. Uthenga ukangolira, iye amati nkhani yatha. Komatu m'foni muja simunalowe kanthu. Ndalamayo ndi mzere umodzi umene walembedwa m'kaundula wosungidwa pa makompyuta a kampani, kutali ndi Lizulu.

Kaundula wotereyu, amene akatswiri amamutcha database, sakhala pa makina amodzi. Pamakhala makina aakulu olandira zolembedwa zonse, ndiponso ena okopera mzere uliwonse, kuti oyambawo akazima enawo apitirize ntchito. Eni ake amasankha lamulo: kodi makina aakulu adikire kaye kuti okopera aja avomere kuti alemba asanauze kasitomala kuti zatheka, kapena angomuuza, kukopera kudze pambuyo? Kudikira kumachedwetsa pang'ono, koma ndiko kumateteza ndalama.

Vuto limabwera pofuna kusintha lamuloli makina ali pa ntchito. Palibe kampani imene imakonda kuzimitsa makina anthu akugula ndi kugulitsa, n'chifukwa chake mapulogalamu monga PostgreSQL amalola kusintha malamulo ena popanda kuzimitsa. Koma m'kati mwa pulogalamu yotere muli timagulu tambiri togwira ntchito nthawi imodzi, kalikonse ndi kasitomala wake, ndipo sitimva lamulo latsopano pamodzi. Kalikonse kamaliwerenga kakapeza mpata. Kwa kanthawi kochepa ngati kuphethira kwa diso, kena kamakhala katayamba kale kudikira, pomwe kena kakutsatabe zakale.

Tiyerekeze kuti malipiro a mayi uja agwera kagulu kotsalirako. Uthenga wotsimikiza wapita mzere usanakoperedwe, ndiye mwatsoka makina aakulu azima pomwepo. Okopera aja atenga udindo, koma mzerewo alibe. Mayi ali ndi uthenga m'manja, kaundula sakudziwa kanthu, ndipo galimoto ija ili pafupi kufika pa Dedza.

Akatswiri amatcha zoterezi race condition, kutanthauza kuti zotsatira zake zimadalira chimene chayamba kufika pakati pa zinthu ziwiri. Kuipa kwake n'kwakuti vutoli limabisala. Mukhoza kuyesa makinawo kambirimbiri zonse n'kumayenda bwino, chifukwa pamafunika kuti zinthu ziwirizo zilambalalane pa kamphindi koipa kameneko.

Ngakhale makampani a chuma chambiri limawagwetsa. Pa 20 Okutobala 2025, ntchito zambiri za pa intaneti, kuphatikizapo Snapchat, zidasokonekera kwa maola angapo chifukwa cha vuto la pa makina a Amazon ku Virginia, m'dziko la America. Kampaniyo idafotokoza yokha kuti mapulogalamu awiri ankakonza keyala ya kaundula wake wotchedwa DynamoDB. Imodzi idachedwa, n'kulemba keyala yakale pamwamba pa yatsopano imene inzake idali italemba kale. Inzakeyo, posesa zakale, idafufuta keyala ija, ndipo makompyuta ofuna kaundulayo adasowa kolowera. Pulogalamu iliyonse payokha idachita zimene idauzidwa.

Njira zopewera zilipo. Ina ndi kuika loko, kuti wosintha lamulo akhale mmodzi pa nthawi imodzi, ena adikire. Ina ndi kupatsa lamulo lililonse nambala, kuti lakale likanidwe likabwera mochedwa. Ina, imene ambirife timadandaula nayo, ndi kuimitsa ntchito kwa kanthawi. Banki ikakutumizirani uthenga woti makina ake sagwira ntchito pakati pa usiku chifukwa akukonzedwa, mwa zina imakhala ikuthawa mpikisano womwewu, ndipo m'maganizo anga kudikira ola limodzi n'kwabwino kuposa kukangana pa ndalama yosaoneka m'kaundula.

Kwa mayi wa pa Lizulu, chofunika n'kusafufuta uthenga uja. Nambala imene ili mu uthengawo ndiyo imene ogwira ntchito ku kampani angayambire pofufuza kumene ndalama yake yathera.