Warranty ya pakamwa siitseka oilo

Amene mumakonda mpando wa kutsogolo mu Hiace mudziwa zimene zimacitika m'mawa basi isananyamuke. "Ba mami, selukankoni pang'ono," akutelo kondakitala. Anyamula mpando, atulutsa kacigubu kakuda, athila oilo mu injini, abweza mpando, ndipo ulendo wa ku tauni uyamba. Basi ikacoka, pansi patsala banga lakuda. Pitani pa Kulima Tower kapena pa City Market muyang'ane pansi, mudzaona mabanga aja ali paliponse. Ine ndakhala ndikuwaponda zaka zambili osawaganizila, kufikila pamene banga lotele linaonekela pa nyumba ya muphwa wanga ku Matero.

Mnyamatayu anasunga ndalama zaka zitatu, n'kuwonjezela za cilimba ndi kangongole ka ku nchito. Kwa amake anakamba kuti afuna motoka ya taxi, yakuti azigwililako madzulo. Tsiku logula anabwela ndi Toyota Altezza yofiila, yotsika ngati ifuna kununkhiza msewu, ekizozi ikulila mpaka agalu a ku George anamva. Amake anangogwila pakamwa.

Anyamata a mu Lusaka amaikonda Altezza, ndipo sindiwadabwa. Imakoka ndi mawilo a kumbuyo, imathamanga, imaoneka bwino. Koma Toyota inapanga motoka imeneyi kucokela mu 1998 kufika mu 2005 cabe. Welengani nokha zaka za labala iliyonse imene ili mu injini yake. Ndipo motoka zambili za ku Japan zimatsikila pa doko la Dar es Salaam, n'kuyenda makilomita pafupifupi 2,000 kudzela pa Nakonde zisanaone Lusaka. Penti imafika ikuwala. Labala imafika itatopa.

Iye anagula pa yadi ina mu tauni muno. Wogulitsa anamugwila paphewa nati: "Osadandaula boyi, nakupasa warranty ya three months, injini na giyabokosi." Pa lisiti analemba mtengo, nambala ya motoka ndi sitampu. Mau akuti warranty sanaonekepo. Pa khoma la ofesi panali cikwangwani cakuti ndalama sizibwezedwa.

Patapita masabata awili, alandilodi anagogoda m'mawa. Simenti ya pa yadi yawo inali ndi banga lalikulu ngati mbale. Muphwa wanga anayala katoni pansi pa motoka, m'mawa mwake katoni ili cinyontho. Ndiye anandiimbila foni: "Ankolo, tiyeni munipelekeze kuli ba makanika banu."

Makanika wanga ni mdala wa ku Chawama amene anaphunzila nchito m'masiku a mabasi a UBZ. Galaji yake ni mthunzi wa mtengo, bokosi la zipanela ndi anyamata awili. Atamva nkhani yonse anabweza cipanela m'bokosi.

"Mwana wanga, nikamasula bauti imozi cabe, warranty yako yafela pamene apa. Bazakamba ati ndine naononga. Nizakuonesa cabe kwamene icokela, kukonza bakonze beve."

Anauza anyamata kutsuka injini yonse mpaka kuuma, ndipo tinayenda nayo kufika ku Kafue Roundabout n'kubwelela. Anafotokoza kuti oilo imanama. Imayenda kutsika, ndipo mphepo ya pa msewu imaikankhila kumbuyo, motelo pamene idonthela si pamene yacokela. Ambili amalipila nchito yaikulu pomwe vuto linali gasiketi ya top cover, imene munthu angasinthe asanamalize kumwa tiyi.

Injini yoyela ija anaiwelenga ndi toci ngati adokotala. Pamwamba pouma. Kutsogolo, kumene kuli ma seal a crankshaft ndi camshaft kuseli kwa timing belt, kouma. Anati kukanakhala kumeneko tikanafulumila, cifukwa oilo imafewetsa lamba ameneyu, ndipo akaduka motoka imaima pomwepo. Sampu youma. Koma pamene injini ikumana ndi giyabokosi panali kadontho katsopano. Anakagwila ndi cala, n'kukanunkhiza. Kanali kakuda, osati kofiilila ngati mafuta a giyabokosi ya automatic.

"Ni rear seal," anatelo. "Kamwana kang'ono, maliro yakulu."

Oil seal ni kamphete ka labala kokhala ndi kasipuling'i mkati, kamene kamagwila citsulo cozungulila kuti oilo isatuluke. Mtengo wake sufika patali, ungalingane ndi thumba la unga. Koma kuti ufike pa ka kumbuyo, uyenela kutsitsa giyabokosi yonse. Ndalama zili pa nchitoyo. Ndipo ukakalekelela pa motoka ya manual ngati iyi, oilo imafika pa klachi, klachi iyamba kutelela, bilu yakula kawili.

Mdala anawonjezela cinthu cimene anthu ambili sauzidwa. Nthawi zina seal siyamba yokha kulephela. Injini ili ndi kapaipi ndi kavalavu kopumila, amati breather. Kakatsekeka ndi litsilo la oilo yakale, mpweya umadzaza mkati n'kukankha oilo kudzela pa malo ofooka. Kudzaza oilo kupitilila mzele wa pa dipstick kumacitanso cimodzimodzi. Usinthe seal osatsegula breather, pakapita miyezi yocepa udzabwelanso. Anatinso tikaone ngati citsulo ca crankshaft sicinadyeke kamzele pamene seal yakale inali kugwila, cifukwa yatsopano ikakhala pa kamzele komweko imadonthanso.

Tinabwelela ku yadi ndi zithunzi pa foni. Kumwetulila kwa tsiku logula kunali kutatha.

"Bakamba, seal ni wear and tear. Warranty ni ngati injini yanoka."

Ndinamufunsa kuti, ndiye tidikile oilo ithe, injini inoke, kuti mutithandize? Ndipo ikanoka, simudzakamba kuti mnyamata anayendetsa motoka yopanda oilo? Anayang'ana kumbali, n'kuloza cikwangwani ca pa khoma.

Apa ndiye pali nkhani imene ndifuna mumve, inu amene mukuwelenga muli pa mpando wa kumbuyo mukusunga ndalama za kamotoka kanu. Dziko lino lili ndi lamulo la Competition and Consumer Protection Act la 2010. Lamuloli limaletsa wamalonda kupacika cikwangwani comana wogula ufulu wake. Limaletsanso kugulitsa katundu woonongeka kapena wosagwila nchito imene anagulidwila, ndipo limati wogwila nchito yolipidwa aigwile mosamala ndi mwaluso. Bungwe la CCPC ndilo limalandila madandaulo a ogula. Palinso Small Claims Court, kumene munthu amadziimila yekha popanda loya.

Koma tisanamizane. Lamulo silisandutsa motoka yakale kukhala yatsopano, ndipo kulikonse kumene mungapite adzakufunsani funso limodzi: umboni uli kuti? Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Warranty ya muphwa wanga inali pacala.

Cinatipulumutsa ni WhatsApp. Usiku woti mawa akalipila, mnyamata anafunsa pa foni ngati warranty ilipodi, ndipo wogulitsa anayankha ndi dzanja lake kuti ilipo, miyezi itatu, injini ndi giyabokosi. Uthenga uja unali ukalipo, ndi tsiku lake. Nditauonetsa n'kuchula CCPC, mau anatsika. Tinapangana kuti iwo alipile nchito ku galaji yawo, ife tigule seal ya original. Sitinapambane zonse, koma mbali yodula inapita kwa iwo. Ulendo uno ndinati tilembe, ndipo tonse tinasaina.

Nkhani sinathele pamenepo. Motoka inabwela tsiku lomwelo madzulo, yotsukidwa bwino, seal yathu ati aikamo. Mdala wa ku Chawama atagwada pansi anaseka. Ma bauti a giyabokosi anali ndi dothi lawo lakale, palibe cipanela cinawakhudza. M'mphepete anapakamo silicone. Oilo ikanangodzazana mkati n'kumaliza klachi mwakacetecete, warranty n'kutha.

Tinabwelelanso. Tsopano muphwa wanga anapempha chuti ca tsiku limodzi, nakhala pa galaji kucokela m'mawa. Anaona giyabokosi ikutsika. Anajambula seal yatsopano ikulowa, anaonetsetsa kuti breather aitsuka, ndipo seal yakale anabwela nayo m'pulasitiki. Inali youma ngati cikonde ca nsima ya dzulo, ukaipinda imang'aluka. Pa pepala la nchito analembapo tsiku ndi makilomita.

Zimene ndinatolapo ni izi. Musanalipile, pemphani kuti warranty ilembedwe pa lisiti, ndi zimene ikuphimba, ma seal ndi kudontha kwa oilo kuchulidwe ndi dzina. Pitani ndi makanika wanu, muyang'ane pansi pamene motoka yagona. Injini yowala kwambili pa motoka yakale muikaikile, mwina yatsukidwa m'mawa womwewo. Mukaona dontho, jambulani, muuzeni wogulitsa tsiku lomwelo mwa kulemba, ndipo wina aliyense asamasule kanthu. Akakonza, funsani cakale cimene acotsa.

Ife okwela mabasi tisaganize kuti nkhaniyi ni ya a ma Altezza okha. Hiace imene imamwa oilo m'mawa uliwonse ni yomweyo imene idzafela pa Lumumba Road nthawi ya 07:00, inu mukuthamangila ku nchito, kondakitala akukana kubweza chenji. Draiva adziwa vuto, koma basi ikagona tsiku limodzi ku galaji cashing ya abwana ilibe, ndiye kacigubu kapitiliza. Ndipo oilo yogwela pansi siithela pa sitesheni. Mvula ikabwela imaitenga kupita mu ngalande, ndipo ku malo ngati Kanyama, kumene madzi a pansi ali pafupi ndiponso ena akali kutunga m'zitsime zosazama, dontho lija likhoza kubwelela m'cidebe ca kukhichini.

Papita miyezi iwili tsopano. Alandilodi anatsuka simenti yawo, ngakhale banga silinathe lonse. Taxi ya madzulo sinayambe, ati mafuta a Altezza amadya phindu lonse, ndipo amake akali kumukumbutsa Sande iliyonse. Koma katoni ija akali kuiyala usiku uliwonse, ndipo m'mawa asanasambe amayamba wagwada kuiyang'ana. Mpaka lelo ikali youma.