Njira Yachidule Yokhalira Namwino: Yoona Ndi Iti?

Anthu oyenda m'dera la Salima ndi Senga Bay amaidziwa Kuti ngati nkhalango ya mbidzi ndi mphalapala kumene alendo amakapumulirako. Koma m'midzi yozungulira nkhalangoyi, monganso ku Lifuwu, kwa Maganga ndi ku Chipoka, muli anthu ambiri amene mtima wawo uli pa yunifolomu ya unamwino. Ena ndi achinyamata amene angolandira zotsatira za MSCE. Ena ali kale ndi digiri ya uphunzitsi kapena ya ulimi koma ntchito sikuoneka. Enanso ndi anamwino a dipuloma amene atumikira zaka zambiri pa chipatala chaching'ono ndipo akufuna kukwera. Onsewa funso lawo ndi limodzi: kodi palibe njira yofulumira yopezera digiri ya unamwino? Njirayo ilipo, koma si imene amalonjeza otsatsa malonda pa WhatsApp ndi pa Facebook. Maphunziro a unamwino amafupika moona pamene sukulu ikuwerengera zimene munthu adaphunzira kale, osati pamene ikudula nthawi imene wophunzira amakhala pambali pa bedi la wodwala. Amene akusankha sukulu ayambe wamvetsa zimenezi asanatulutse ndalama ya fomu.

Maphunziro ofulumira a digiri ya unamwino adayambira ku America. Mu 1971 yunivesite ya Saint Louis idatsegula pulogalamu yolandira anthu amene anali kale ndi digiri ya maphunziro ena, n'kuwaphunzitsa unamwino m'nthawi yochepa. Lero sukulu zambiri za kumeneko zimachita chimodzimodzi, ndipo zambiri zimatenga pakati pa chaka chimodzi ndi chaka ndi theka. Ku Britain kulinso maphunziro a zaka ziwiri a anthu a digiri. Munthu akangomva miyezi yokhayo angaganize kuti azungu adapeza matsenga. Koma taonani amene amalowa mmenemo ku America: ndi munthu amene wakhala kale zaka zinayi pa yunivesite, ndipo asanalandiridwe amayenera kuonetsa kuti adakhoza maphunziro a kapangidwe ka thupi la munthu, kagwiridwe kake ka ntchito ndi a tizilombo toyambitsa matenda. Akalowa, tchuthi sachiona kwenikweni, ntchito ya malipiro amalangizidwa kuisiya, ndipo pomaliza amalemba mayeso omwewo a NCLEX amene amalemba mnzake wa zaka zinayi. Chimene chachotsedwa ndi maphunziro obwereza ndi miyezi yopuma basi.

Kuno kwathu msewu waukulu wa digiri ndi wa zaka zinayi. Umadutsa ku Kamuzu University of Health Sciences, imene idayamba mu 2021 pamene Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine zidachoka mu University of Malawi n'kukhala yunivesite imodzi. Umadutsanso ku Mzuzu University ndi ku sukulu zina zomwe si za boma monga Daeyang ku Lilongwe. Olowa m'mayunivesite a boma kuchokera ku fomu folo amasankhidwa kudzera ku National Council for Higher Education (NCHE), bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndipo amafunika makirediti asanu ndi limodzi. Pa unamwino maso amakhala pa Chingerezi, masamu, Biology, Physics ndi Chemistry. Apa m'pamene ana ambiri a m'sukulu zoyendera za m'mbali mwa nyanja amagwera, osati chifukwa cha kuchepa nzeru, koma chifukwa adaphunzira sayansi popanda labu. Kwa mwana wotere, chaka chimodzi chobwereza mayeso kuti apeze kirediti ya Chemistry n'chofupika kuposa zaka ziwiri pa sukulu imene yamulandira popanda kirediti koma pepala lake silikamupatsa layisensi.

Njira yachidule yeniyeni ya ku Malawi ndi imene anamwino eni ake amaitchula kuti upgrading. Munthu amayamba ndi dipuloma ya zaka zitatu ya Nurse Midwife Technician, imene imaphunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences ndi m'makoleji a mishoni a CHAM monga Nkhoma, Ekwendeni, St John's ku Mzuzu, St Luke's ku Malosa, Holy Family ku Phalombe, Mulanje Mission ndi Trinity ku Muona. Akagwira ntchito kwa nthawi, kawirikawiri zaka ziwiri kapena kuposerapo, amatha kubwerera kusukulu kuti akhale Registered Nurse. Amene ali kale Registered Nurse wa dipuloma amatha kumaliza digiri m'zaka ziwiri m'malo mwa zinayi. Chifukwa chake n'chomveka: munthu amene wabaya jakisoni zikwi zingapo ndi kuchiritsa amayi usiku ndi usana sangayambirenso kuphunzira kuyala bedi. Sukulu imamuchotsera zimene akudziwa n'kumuwonjezera zimene alibe, monga kuyang'anira wodi, kuphunzitsa ena, kuchita kafukufuku ndi kuganiza mozama pa matenda ovuta. Mphunzitsi wa Chichewa kapena wa Geography amene akufuna kusintha ntchito asayembekezere mwayi womwewo. Digiri yake ingamuthandize kupikisana pa malo a mature entry, koma m'wodi ndi mlendo ngati wina aliyense.

N'chifukwa chiyani nthawi ya m'wodi siyenera kudulidwa? Anthu a ku Salima sakufunika kuuzidwa zambiri, pakuti mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 udadwalitsa anthu oposa 58,000 m'dziko muno n'kupha oposa 1,700, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja adali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Wodwala kolera akafika pa chipatala atatha madzi m'thupi, maso amakhala atalowa, khungu ukalitsina silibwerera msanga, ndipo mitsempha ya m'manja imakhala itafota moti siioneka. Namwino amamanga kachingwe pamkono, n'kusisita ndi chala pang'onopang'ono kufuna pamene mtsempha wabisala, pamene achibale aima pakhomo la tenti kumuyang'ana. Akalephera kawiri katatu, mphindi zimene zikanapulumutsa munthu zapita. Luso limenelo lili m'nsonga za zala, ndipo limabwera chifukwa chochita mobwerezabwereza pamaso pa namwino wamkulu amene amakugwira dzanja ukaphonya. N'chimodzimodzi ndi mayi amene akutaya magazi atangochira pa chipatala chakumudzi, ambulansi ili kutali: mzamba ayenera kudziwa ndi dzanja lake ngati chiberekero chalimba kapena chalefuka. Kanema wa pa intaneti angakuonetse zimenezi, koma sangakupatse.

Pachifukwa chimenechi woweruza wa nkhaniyi si sukulu, si wophunzira, koma Nurses and Midwives Council of Malawi, bungwe limene lamulo lidalipatsa mphamvu zovomereza sukulu za unamwino, kulembetsa ophunzira, kupereka mayeso omaliza ndi kupereka layisensi. Popanda layisensi imeneyi palibe chipatala cha boma kapena cha mishoni chimene chingakulembeni ntchito ya unamwino, ngakhale satifiketi yanu itakhala ndi zidindo zokongola bwanji. Tsono musanafunse za fizi, funsani ku kaunsolo ngati sukuluyo ndi yovomerezeka, ndiponso ngati pulogalamu yeniyeniyo imene mukufuna ndi yovomerezeka, chifukwa sukulu ikhoza kuloledwa kuphunzitsa dipuloma koma osati digiri. Onaninso mndandanda wa NCHE. Kenako funsani sukuluyo mafunso amene otsatsa malonda sawakonda: ophunzira anu amakachitira kuti maphunziro a m'wodi, amakhala angati pa mphunzitsi mmodzi, ndipo mwa amene adalemba mayeso a kaunsolo chaka chatha adakhoza angati? Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Sukulu yabwino imayankha mafunso awa mosabisa, ndipo ngati mungathe, kaoneni nokha ma hostel, labu yophunziriramo ndi chipatala chimene akunenacho. Kuchoka ku Salima kukafika ku Lilongwe ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 100. Ndalama ya minibasi imeneyo si yotayika.

Pali mfundo yamphamvu yotsutsa zimene ndikunenazi, ndipo siyenera kunyozedwa. Dziko lino lili ndi anamwino ochepa, ndiye bwanji osafulumizitsa maphunziro kuti zipatala zidzaze? Malawi adayesapo kale kuthamanga, ndipo mmene adathamangira ndi phunziro. Mu 2004 boma, mothandizidwa ndi Britain ndi Global Fund, lidayamba ndondomeko yapadera yothana ndi kuchepa kwa ogwira ntchito zachipatala. Lidawonjezera 52 peresenti pa malipiro awo, lidakulitsa makoleji, ndipo pofika 2009 chiwerengero cha ogwira ntchitowa chidakwera ndi theka n'kupitirira pang'ono. Chidakwera chifukwa olowa m'kalasi adachuluka ndipo othawa ntchito adachepa. Mu 2011 kudayambanso maphunziro a miyezi 18 a Community Midwifery Assistant, ofuna kupereka azamba kumidzi. Awa ndi maphunziro afupi ndithu, koma sadzitcha digiri. Ali ndi dzina lawolawo ndi malire a ntchito imene munthuyo angagwire. Chilungamo chili pamenepo: maphunziro afupi apatsidwe udindo wolingana ndi kufupika kwake. Imfa za amayi oyembekezera zidatsika kuchoka pa 984 mwa ana 100,000 obadwa amoyo mu kafukufuku wa 2004 kufika pa 439 mu kafukufuku wa 2015 mpaka 2016, ndipo phindu limeneli lingabwerere m'mbuyo ngati mayina a maudindo atayamba kuposa luso la anthu owanyamula.

Komanso vuto la lero silili pa kuchedwa kwa maphunziro kokha. Bungwe la anamwino la NONM lakhala likudandaula kwa zaka zingapo kuti anamwino ambiri amene adamaliza sukulu n'kukhoza mayeso akukhala pakhomo osalembedwa ntchito, pamene m'mawodi namwino mmodzi akuthamanga yekha usiku wonse. Ngati a mapepala okwanira akudikira chonchi, wa pepala lokayikitsa adzaima pati pa mzerewo?

Mfundo ina yotsutsa ndi ya ndalama, ndipo iyi imandikhudza kwambiri chifukwa ndi ya anthu osauka. Banja limene limadalira usipa, mpunga wa ku Lifuwu kapena kamunda ka chimanga silingaone zaka zinayi za fizi ngati nkhani yaing'ono. Koma kuwerengera kwabwino kumaona ndalama zonse, kuyambira tsiku lolowa mpaka tsiku lolandira malipiro oyamba. Maphunziro opanikizika amafuna ndalama zambiri m'nthawi yochepa ndipo samusiyira munthu mpata wa ganyu kapena kabizinesi. Kwa mwana wa banja lotere, dipuloma ya zaka zitatu, kenako ntchito, kenako upgrading, nthawi zambiri ndiyo njira yotheka, ngakhale kuti pamapeto pake zaka zimachuluka. Amene wasankhidwa ku yunivesite yovomerezeka afunse msanga za ngongole ya Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe limene lidayamba mu 2015, ndipo olowa ngati mature entry afunsitse ngati ngongoleyo ikuwakhudza asanadalire. Namwino amene ali pa ntchito ya boma asalembere sukulu mobisa. Tchuthi cha maphunziro chimapemphedwa kwa abwana kudzera ku ofesi ya zaumoyo ya boma lake, ndipo wochoka popanda chilolezo akhoza kubwerako ndi digiri koma malo ake atapita.

Za kunja zimafuna kudekha kwapadera. Ambiri amene amafunafuna maphunziro ofulumira a ku America kapena ku Britain maso awo ali pa ntchito ya kumeneko, ndipo palibe cholakwa kuti munthu afunire banja lake zabwino. Koma fizi ya kumeneko ndi ya madola ndi mapaundi, ndipo Malawi ali pa mndandanda wa 2023 wa bungwe la WHO wa mayiko 55 amene ali ndi ogwira ntchito zachipatala ochepa kwambiri, kutanthauza kuti mayiko olemera sayenera kubwera kudzakopa anamwino kuno popanda mgwirizano wa maboma. Munthu payekha saletsedwa kufunsira ntchito, koma mkhalapakati amene akuyenda m'maboma kutolera ndalama za fomu, n'kumalonjeza sukulu, visa ndi ntchito pamodzi, ayenera kukukayikitsani. Ndipo wophunzira kunja akafuna kudzatumikira kuno, mapepala ake amadutsanso ku kaunsolo yomwe ija.

Pa kalembedwe ka fomu palibe zambiri. Werengani chilengezo cha sukulu m'nyuzipepala kapena pa tsamba lake lenileni, osati chithunzi chimene wina watumiza pagulu. Konzani satifiketi ya MSCE, chitupa cha unzika, zotsatira za kukoleji, umboni wa layisensi ndi kalata ya abwana ngati muli pa ntchito, ndipo mayina alembedwe mofanana pa mapepala onse. Ndalama ya fomu ilipiridwe ku akaunti ya sukulu, osati pa nambala ya foni ya munthu, ndipo risiti isungidwe. Lemberani sukulu zingapo. Mukaitanidwa ku intavyu, nenani zoona za chimene chakukokerani ku ntchitoyi, pakuti ofunsawo adagwirapo mashifiti a usiku ndipo amadziwa kusiyanitsa wofuna odwala ndi wofuna yunifolomu.

Makolo ndi achinyamata a ku Kuti ndi m'mbali monse mwa nyanja, musagulitse bwato, ng'ombe kapena munda chifukwa cha sukulu imene dzina lake simunalione pa mndandanda wa Nurses and Midwives Council of Malawi. Imbani foni kapena pitani nokha ku ofesi yawo ku Lilongwe, mukamve yankho ndi makutu anu, kenako mulipire.