Za Mphande, Ngaka ndi Luso la Siliva

Chokongoletsera thupi sichikhala chokongola chabe ayi. Kawirikawiri mmisiri atenga maonekedwe ake ku zolengedwa, ndipo wochivala achisunga chifukwa cha munthu kapena nthawi imene chimkumbutsa. Zinthu ziwirizi zioneka bwino m'ntchito ya Patrick Mavros, mmisiri wa siliva wa ku Zimbabwe, amene chipala chake chili kunja kwa mzinda wa Harare, ndipo zopanga zake zigulitsidwa kufikira ku London.

Ntchitoyi inayamba ngati mphatso. Mavros anasema ndolo ziwiri za mnyanga wa njovu, zooneka ngati maluwa, napatsa mkazi wake. Akazi ena pakuziona anafuna zawo, ndipo malonda anayambira pomwepo. M'chaka cha 1989 maiko anapangana kuletsa malonda a minyanga pakati pa dziko ndi dziko, ndipo masiku ano banja la Mavros lidziwika ndi siliva.

Kapangidwe kake nkotere. Mmisiri ayamba wapenyetsetsa nyama kapena tsamba, kenaka akonza chifanizo chake cha phula. Chifanizocho achimata ndi phala loyera limene liuma gwa, nasiya kabowo kamodzi. Akachiika m'ng'anjo, phula lisungunuka ndi kutuluka, ndipo m'kati mutsala mphako yokhala ndi mizere yonse ya chifanizo chija. M'mphakomo athiramo siliva wosungunuka. Siliva akazizira, aswa chikombolecho, natsala ndi ntchito yopala ndi kupukuta. Chotero chimene diso linaphonya pa phula, siliva sangachibweze. Siliva yekha ndi wofewa, tsono pa magawo 1,000 alionse, 925 akhala siliva, ndipo otsalawo kawirikawiri ndi mkuwa.

Zina mwa zokongoletsera za Mavros zitchedwa ndoro. Liwuli ndi la Chishona, ndipo lisasokonezedwe ndi ndolo za m'makutu: ndoro ndi chimene Achewa ati mphande. Mphande inali tsinde la chigoba cha nkhono ya ku nyanja yamchere ya Indian, lodulidwa ndi kuperedwa mpaka litakhala lathyathyathya, mzere wake wozungulira uli kuonekera. Popeza inachokera kutali, inali chuma ndi chizindikiro cha ufumu, kotero kuti Apwitikizi anayamba kubwera ndi mphande zonamizira za dothi loyera lowotcha. M'chaka cha 1854 mfumu Shinte ya Alunda inapatsa David Livingstone mphande, ndipo iye anauzidwa kuti ziwiri zikadagula kapolo, ndi zisanu zikadagula mnyanga. Tsono mzere wozungulirawo ukaumbidwa m'siliva, ukumbutsa nkhono, ukumbutsa mafumu, ndiponso ukumbutsa nthawi yoipa imene munthu anali ndi mtengo wa zigoba ziwiri.

Chitsanzo china ndicho ngaka. Mamba a nyamayi asanjikizana ngati udzu wa padenga, ndipo ikaopa idzipinda nikhala yobulungira. Chifukwa chake maonekedwe ake ayenerana ndi mphete ndi chibangili, zimene nazonso zizinga chala ndi mkono. Pa mwambo wa Ashona, munthu wopeza ngaka ankapita nayo kwa mfumu. Koma ngaka zaphedwa zochuluka chifukwa cha malonda a mamba ake, ndipo Mavros anapanga zokongoletsera za ngaka mogwirizana ndi bungwe la Tikki Hywood, losamalira nyamazi ku Zimbabwe, kuti gawo la ndalama zake lithandize ntchitoyo. Apa pali kusiyana kwakukulu: khoza lakale linafuna kuti njovu ife, koma mphete yasiliva ingobwereka maonekedwe a nyama, mwini wake natsala wamoyo.

Mphunzitsi wa ana aang'ono alibe siliva, koma dongo, njere ndi mikanda zilipo pamudzi paliponse. Mwana akafuna kuumba tsamba la mkuyu wa pabwalo la agogo ake, ayenera kuyamba waliwerenga mitsempha, ndi kunena chimene mtengowo umkumbutsa. Pa phunziro lomwelo aphunzitsidwe maina awa: mphande, khoza, chigwinjiri, chipini ndi mkanda, ndipo akafunse akulu kwawo kuti zimenezi ankavala ndani, ndi pa nthawi yanji.