Musanafomate foni, fufuzani kaye kuti akaunti ya Google ndi ya ndani

Foni ikayamba kuvuta, malangizo amene mumamva ndi amodzi: "Ifomateni." Mnyamata wokonza mafoni pamsika amatero. Mwana wanu wa kusekondale amateronso. Nthawi zina amakhala akunena zoona. Foni ya Itel kapena ya Tecno imene yadzaza, imene imangoima mukafuna kuyankha munthu, imatha kupepuka ikafomatidwa. Koma alipo anthu amene anafomata foni yoti inkagwira ntchito, kenako osathanso kulowamo. Foniyo imayaka bwinobwino, koma imapempha zinthu zimene mwini wake sakuzidziwa: dzina ndi mawu achinsinsi a akaunti ya Google.

Tifika pa nkhani ya akauntiyo. Tiyambe tamvetsa kuti kufomata n'kutani.

Pa Chipwitikizi timati formatar. Ndiko kubwezera foni mmene inalili tsiku limene inatuluka kufakitale. Zili ngati kufufuta bolodi m'kalasi: bolodi limatsala, koma zonse zimene zinalembedwapo zimapita. Zithunzi zimapita, mavidiyo, nyimbo, mauthenga, macheza a pa WhatsApp, manambala amene munasunga mufonimo, ndi mapulogalamu onse amene munaikamo nokha. Mukafomata, palibe batani lobwezera zimenezi.

Ndalama zanu sizili mufoni

Ambiri amaopa kuti ndalama za pa M-Pesa kapena pa e-Mola zipita nawo. Musaope. Ndalamazo sizikhala mkati mwa foni. Kampani imazisunga pa nambala yanu, ndipo nambalayo imayenda ndi SIM khadi, ija timangoti cartão. Mukaika cartão yanu mufoni ina iliyonse, ngakhale kafoni ka mabatani, n'kuimba *150# pa Vodacom kapena *898# pa Movitel, ndalama zanu muzipeza, PIN yanu ili yomwe ija. N'chimodzimodzi ndi mKesh ya Tmcel. Saldo ndi mamega nazonso zimatsala.

Chimene chimapita ndi mauthenga aja amabwera mukalipira. Ngati munatumiza ndalama za feteleza kapena za lendi ndipo mwini wake sanavomere kuti walandira, uthenga umenewo ndiwo mboni yanu. Lembani m'kope tsiku, kuchuluka kwa ndalama, ndi manambala ndi zilembo zija zimene zimasonyeza kuti ndalama zapita. Ngati mwagula magetsi a Credelec ndipo manambala 20 aja simunawalowetse m'mita, alowetseni kaye.

Loko amene simumuona

Foni zambiri zotsika mtengo zimene timagula kuno zimayendera Android, pulogalamu ya kampani ya Google. Kuyambira mu 2015, pamene kunabwera Android 5.1, mafoniwa ali ndi loko wolimbana ndi akuba. Kale wakuba ankangofomata foni n'kukaigulitsa ngati yake. Tsopano foni ikafomatidwa ndi munthu amene sanathe kuitsegula, ikayakanso imafuna akaunti ya Google imene inalimo kale. Popanda akauntiyo, siipitirira.

Lokoyu ndi wabwino. Vuto lake n'lakuti sadziwa nkhope ya munthu. Sadziwa kuti inu ndi amene munagulitsa matumba a mbatatesi kuti mugule foniyo. Amangodziwa dzina la akaunti ndi mawu achinsinsi.

Tsono takumbukirani tsiku limene munagula foni yanu. Anaikonza ndani kuti iyambe kugwira ntchito? Kawirikawiri ndi wogulitsa, kapena mdzukulu wanu. Anadinadina mofulumira, n'kukupatsani WhatsApp ili kale momwemo. Kuti aike WhatsApp, mwina anatsegula akaunti ya Google m'dzina lanu, mawu achinsinsi n'kuwapeka yekha pomwepo. Mwinanso anangoikamo akaunti yake. Papita zaka zitatu. Mdzukulu uja ali ku Beira kapena ku Johannesburg, ndipo mawu aja nayenso anaiwala. Foni ili m'thumba mwanu, koma kiyi wake mulibe.

Zimenezi muzikonze foni ikadali yotseguka. Lowani pa chizindikiro chooneka ngati gudumu lamano, pamene palembedwa Definições kapena Configurações. Funani pamene pali mawu akuti Contas, kenako Google. Muona dzina lothera ndi @gmail.com. Limenelo ndilo dzina la akaunti. Likopereni m'kope, chilembo ndi chilembo, osasiya kadontho ngakhale kamodzi.

Kenako dzifunseni: kodi mawu achinsinsi ake, aja foni imati palavra-passe kapena senha, ndikuwadziwa? Musangoganiza kuti mukuwadziwa. Ayeseni polowa mu akauntiyo. Akakana, sankhani pamene akufunsa ngati mwaiwala. Google imatha kutumiza manambala otsimikizira ku foni yomweyo kapena ku nambala imene inalembetsedwa, n'kukulolani kusankha mawu atsopano. N'chifukwa chake ntchitoyi ndi yosavuta lero, foni ikugwira, kusiyana ndi mawa itafomatidwa. Mukasintha mawu achinsinsi, Google imalangiza kudikira maola 24 musanafomate. Dikirani, musachite phuma.

Inu amene mukuphunzira kulemba, apa ndi pamene kusiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono kumakhala ndi phindu. Pa mawu achinsinsi, M wamkulu ndi m wamng'ono ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ziro ndi chilembo O zimafanana pamaso, ndipo 1 amafanana ndi l wamng'ono. Polemba m'kope, dulani mzere pansi pa zilembo zazikulu kuti tsiku lina musadzakayike. Kopelo lizikhala kunyumba pamene mumasunga BI ndi mapepala ena, osati m'chikwama cha foni.

Ngati wina akukuthandizani, akusonyezeni podina, koma mawu achinsinsiwo mulembe ndinu ndi chala chanu, ngakhale zitenge nthawi. Munthu wabwino sakwiya mukamupempha kuti ayang'ane kumbali. PIN ya M-Pesa kapena ya e-Mola ndiye musauze aliyense: pofomata foni siifunika n'komwe, ndipo wokonza foni akaifunsa, tengani foni yanu muzipita.

Mukapeza kuti akaunti imene ili mufoni ndi ya munthu wina, tsegulani yanu, musamutsire manambala a anthu anu kumeneko, kenako muchotse yake ija.

Zimene simungazipezenso kwina

Nyimbo mudzazipezanso kwa anzanu. Koma chithunzi cha ukwati, kapena mawu amene mayi anu anakutumizirani asanamwalire, palibe sitolo yogulitsa zimenezo. Yambani ndi zoterezi. Zikopereni pa memori khadi kapena pa kompyuta ya munthu amene mumamukhulupirira, ndipo muzitsegule kumeneko kuti muone ndi maso anu kuti zafikadi. Akaunti ya Google imaperekanso malo aulere okwana 15 GB osungirako zinthu pa intaneti, koma kutumiza mavidiyo kumadya mamega kwambiri. Sankhani zofunika zokha.

Manambala a anthu amasungidwa malo atatu: pa cartão, mufoni mwenimwenimo, kapena mu akaunti ya Google. Amene ali mufoni ndi amene amapita. Mu Contactos muli posamutsira manambala, pamene palembedwa Importar ndi Exportar. Komabe manambala khumi ofunika kwambiri, monga a ana anu, a amfumu, a mlangizi wa zaulimi, alembeninso m'kope.

WhatsApp ili ndi njira yake. Lowani pa Definições za WhatsApp, kenako Conversas, kenako Cópia de segurança, ndipo mudikire mpaka itamaliza. Pali chinanso chimene ambiri amaiwala. Mukadzaikanso WhatsApp, idzatumiza manambala 6 ku nambala imene munalembetsera poyamba. Ngati cartão ya nambala imeneyo inatayika kalekale, kapena ndi ya ku Malawi imene munkagwiritsa ntchito muli kumalire ku Calómuè kapena ku Zóbuè ndipo pano inafa, manambalawo sadzakufikani. Magulu anu onse, la kutchalitchi, la abale, la alimi, mudzayenera kuwapempha kuti akulowetseninso. Choncho sinthani nambala mu WhatsApp musanafomate, pamene palembedwa Conta. Mawu achinsinsi a Facebook nawonso muwayese.

Kodi m'pofunikadi kufomata?

Ine ndimaona kuti foni zambiri zimafomatidwa popanda chifukwa. Foni yotsika mtengo imakhala ndi malo ochepa, mwina 16 GB kapena 32 GB, ndipo mbali yaikulu imatengedwa kale ndi Android. Mavidiyo a m'magulu a WhatsApp amadzaza malo otsalawo pa miyezi yochepa. Afufuteni, chotsani mapulogalamu amene simuwagwiritsa ntchito, zimitsani foni n'kuiyatsanso. Nthawi zambiri zimakwana.

Kufomata sikukonza batire lotupa, galasi losweka, kapena pobayira chaja pamene pagwedera. Sikubweretsanso netiweki kumudzi kumene kulibe nsanja. Wina akakuuzani kuti afomate foni chifukwa siikulowa moto, ndalama zanu zingopita pachabe.

Koma nthawi zoyenera zilipo. Foni ikamangotulutsa zotsatsa malonda yokha ndipo mwalephera kupeza pulogalamu imene ikuchititsa. Mukaiwala PIN kapena kamzere kotsegulira. Ndipo makamaka mukamagulitsa foni kapena kupatsa wina. Apa ndiye musanyengerere, ngakhale wolandirayo ndi m'bale wanu. Mufoni muli chithunzi cha BI yanu, mauthenga osonyeza ndalama zimene mumalandira, ndi WhatsApp imene munthu angalembere abale anu ngati ndinu, n'kuwapempha ndalama. Kufufuta zithunzi chimodzichimodzi sikukwanira.

Kafomatidwe kake

Tchajani foni kaye. Google imalangiza kuti batire lifike pa 70 peresenti, chifukwa ntchitoyi imatha kutenga mpaka ola lathunthu ndipo foni siyenera kuzima ili pakati. Ngati mumatchajira pa sola kapena kwa munthu pamsika, fomatani itangochoka pamoto.

Chotsani memori khadi. Foni zina zimafunsa ngati mukufuna kufufutanso khadilo, ndipo chala chimatha kudina molakwika. Koma samalani: ngati khadilo linakonzedwa kuti likhale mbali ya malo a mkati mwa foni, zimene zilimo sizidzawerengekanso mukafomata, ndiye muzikopere kwina. Ngati foni ikupita kwa munthu wina, chotsaninso cartão, chifukwa inalembetsedwa m'dzina lanu ndipo chilichonse chimene ingachite chidzafunsidwa kwa inu. Chotsaninso akaunti yanu ya Google pa Contas paja, kuti foni isakavutitse mwini wake watsopano.

Tsopano lowani pa Definições, kenako Sistema, kenako Opções de reposição, n'kusankha Apagar todos os dados. Mawuwa amasiyana pang'ono malinga ndi mtundu wa foni. Mukasochera, dinani kagalasi kofufuzira kamene kali pamwamba n'kulemba mawu akuti fábrica. Pamalo omwewo pali chisankho china chokonza Wi-Fi, intaneti ndi Bluetooth zokha. Chimenecho sichifufuta zithunzi, ndipo ngati vuto lanu ndi intaneti, yambani mwayesa chimenecho. Foni idzakufunsani PIN yotsegulira, kenako idzafunsanso ngati mwatsimikiza. Mukavomera, idzazima n'kuyakanso yokha. Isiyeni, musaigwiregwire.

Amene mwaiwala PIN yotsegulira simungafike pa Definições. Njira yanu ndi ya mabatani: foni itazima, mumapanikiza batani loyatsira pamodzi ndi lokwezera mawu mpaka patatuluka mndandanda, kawirikawiri wa m'Chingerezi. Mabatani a mawu ndi oyendera mmwamba ndi pansi, loyatsira ndi losankhira, ndipo mzere wofunika ndi wakuti Wipe data/factory reset. Imeneyi ndi njira yomwenso akuba amadutsa, n'chifukwa chake loko uja amadikirira kumapeto kwake. Ngati akaunti ya Google simukuidziwa, musayambe. Funani kaye amene anaitsegula.

Okonza mafoni ena amati amatha kuchotsa lokoyu mukalipira. Nthawi zina zimatheka, nthawi zina foni imabwerako ndi mavuto ena, ndipo foni zatsopano zimavuta kwambiri. Musadalire zimenezo.

Pogula foni yogwiritsidwapo kale ntchito

Loko yemweyu angakutetezeni inu ogula. Musapereke ndalama foni isanafomatidwe inu mukuona. Ikayakanso, idutse masamba oyamba onse mpaka mufike poti mutha kuimba. Ikapempha akaunti ya munthu wina ndipo wogulitsayo akuti "zimenezo ndi zazing'ono, akakukonzerani", bwezani ndalama m'thumba. Mwina foniyo ndi yobedwa, ndipo ikadzapezeka idzapezeka ndi inu. Imbaninso *#06#. Patuluka nambala ya manambala 15 yotchedwa IMEI, imene ili ngati BI ya foniyo ndipo kufomata sikuisintha. Ngati bokosi lilipo, nambalayo ifanane ndi ya pabokosi. Ya foni yanu ya panopa muilembenso m'kope muja, idzathandiza kupolisi foni ikadzabedwa.

Foni ikamaliza kufomatika imakulonjerani ngati yatsopano n'kufunsa chinenero. Ngati mukugulitsa, izimitseni pomwepo, zotsalazo akachite mwini wake. Ngati ndi yanu, bwezerani cartão, onetsetsani kuti muli ndi mamega kapena Wi-Fi, tsegulani kope lanu n'kulemba dzina la akaunti ndi mawu achinsinsi mosathamanga. Manambala amene anali mu Google abwera okha pakapita mphindi zingapo. Poika WhatsApp, mukalowetsa manambala 6 aja idzafunsa ngati mukufuna kubwezera macheza akale. Dinani Restaurar nthawi yomweyo. Funsoli limabwera poyambirira pokha, ndipo mukalidumpha muyenera kuchotsa WhatsApp n'kuiikanso kuti libwerenso.